BAGAMOYO: KUMENE AMTENGATENGA ANATULA MITIMA YAO

Mwana wa sukulu ali yense m'Zambia muno adziwa kuti mtima wa David Livingstone unaikidwa kwa Chitambo, kumpoto kwa Serenje, patsinde pa mtengo wa mpundu. Ambiri adziwanso kuti thupi lake ligona ku London. Koma tikafunsa kuti thupilo linacoka bwanji pakati pa madambo a Bangweulu kukafika ku nyanja ya mcere, ndani analisenza, nanga anakalitula pakhomo pa yani, ngakhale akulu omwe amangoyang'anana. Yankho lake liri m'kamzinda kakale ka m'dziko la Tanzania, kochedwa Bagamoyo. Kamzindaka kanali khomo la minyanga ndi akapolo, kenaka kanasanduka khomo la Uthenga Wabwino. Ife Akatolika a kuno tiri nako cibale ngakhale ambiri a ife sitinakaonepo, ndipo mwezi uno tifuna kukutengani, okondedwa awerengi, kuti tikaceze kumeneko.

Njira yopita kugombe

Kucokera ku Lusaka kukafika ku Dar es Salaam pali makilomita pafupifupi 2,000. Ife tinayenda pa basi ndi Akristu anzathu owerengeka, kudzera ku Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Nakonde. Titaoloka malire pa Tunduma tinapyola Mbeya, Iringa ndi Morogoro. Malo ambiri mseu uyendera limodzi ndi njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China pakati pa 1970 ndi 1975. Tinafika miyendo itatupa, msana uli gwa, tikudandaula ngati kuti taona zowawa zazikulu. Mkulu wina wa m'gulu lathu anatikumbutsa kuti dziko lomwelo limene ife tinalidula m'masiku awiri titakhala pampando, ena analidula ndi mapazi kwa miyezi isanu ndi inai, maliro ali paphewa. Madandaulo anathera pomwepo.

Bagamoyo ali makilomita ngati 70 kumpoto kwa Dar es Salaam, moyang'anana ndi cisumbu ca Zanzibar. Timabasi ta kumeneko, timene eni ake amati daladala, timapita tsiku lonse. Munthu ukamacoka m'phokoso la Dar es Salaam, nyumba zosanja zimayamba kucepa, mitengo ya kokonati ndi ya mango niculuka, mpweya nuyamba kununkhira mcere ndi nsomba.

Mudzi wogona m'mbali mwa nyanja

Cimene cinatidabwitsa coyamba ndi bata. Kumtunda, pafupi ndi msika ndi pokwerera mabasi, kuli piringupiringu wa njinga zamoto monga m'tauni iri yonse ya masiku ano. Koma ukatsikira ku mzinda wakale wa kugombe, mapazi ako omwe umawamva. Timiseu nting'onoting'ono. Nyumba zinamangidwa ndi miyala ya m'nyanja yomatidwa ndi laimu, ndipo zambiri zinagumuka madenga. Mizu ya mikuyu yalowa m'zipupa nizing'amba pang'onopang'ono, mbuzi zigona m'zipinda m'mene kale ankawerengeramo ndalama za minyanga. Zimene zatsala zamphumphu ndi zitseko: zitseko zazikulu za matabwa olemera, zozokotedwa maluwa ndi masamba ndi manja a amisiri amene maina ao anaiwalika. Kasanu pa tsiku mau oitanira ku mapemphero amamveka kucokera m'mizikiti, pakuti anthu ambiri a mumzindamu ndi Asilamu.

Kugombe ndiye kuli moyo. M'mawa asodzi amafika ndi mabwato ao okhala ndi mitanda iwiri m'mbali yoletsa kugubuduka, ndipo malonda a nsomba amacitikira pamcenga pomwepo, wogulitsa akufuula mtengo, ogula akupikisana. Amai amakazinga nsomba m'misasa yakuda ndi utsi. Tinaonako tinsomba tating'ono tonga kapenta wathu, timene iwo amati dagaa. Capafupi amisiri anali kukhoma ngalawa ya matabwa ndi kasemasema, monga momwe ankacitira makolo ao.

Ife a dziko lopanda nyanja ya mcere tinaona codabwitsa cina. Kariba ndi Bangweulu zimaphwa ndi cilimwe ndi kudzala ndi dzinja, koma nyanja iyi imathawa kawiri pa tsiku. Madzi amabwerera kutali ndithu, nasiya ngalawa zitagona cammbali pamatope, ndipo patapita maora angapo amabweranso. Tinaseka poona zimenezi, osadziwa kuti m'matope omwewo ndimo muli cifukwa cimene mzindawu unagonera tulo.

Dzina la matanthauzo awiri

Dzina lakuti Bagamoyo licokera ku mau a Ciswahili akuti bwaga moyo. Kubwaga ndiko kutula katundu, ndipo moyo m'cinenero cao ndiye mtima. Kotero dzinali litanthauza kuti tula mtima. Ena amati anali mau a amtengatenga, makamaka Anyamwezi, amene ataona nyanja pambuyo pa miyezi yambiri ya ulendo ankapuma ndi cimwemwe. Ena amati anali mau a akapolo, amene pofika pano ankadziwa kuti kwao sadzakuonanso. M'makutu a Mnyanja dzinali limalemera koposa, popeza kwa ife moyo ndi moyo umene. Amene anatula pano sanatule mtima wokha.

M'zaka za m'ma 1800 pano ndipo pankathera njira yaikulu ya malonda yocokera ku Ujiji pa nyanja ya Tanganyika, kudzera ku Tabora ndi Mpwapwa, mtunda wa makilomita ngati 1,200. Kumtunda kunkapita nsalu, mikanda, waya wa mkuwa, mfuti ndi onga. Kugombe kunkabwera minyanga ya njovu ndi anthu. Odziwa mbiri a masiku ano amanena kuti cuma cacikulu ca Bagamoyo cinali minyanga, ndi kuti akapolo ambiri ocokera ku dera la nyanja ya Malawi ndi cigwa ca Luangwa ankawatengera ku Kilwa, doko la kum'mwera. Komabe njira ya Tabora inafika ndithu m'dziko lathu. Mu 1867 wamalonda wochuka Tippu Tip anamenyana ndi mfumu Nsama ya Atabwa, pakati pa nyanja za Mweru ndi Tanganyika, nalanda minyanga yambirimbiri. Zimene zinkalandidwa kumeneko zinkatsata njira ya Tabora kupita kugombe.

Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zambiri, ndipo ukapolo weniweni unathetsedwa ndi lamulo m'dziko la Tanganyika mu 1922. Tiyeni tiwerenge bwino caka cimeneci. Mishoni ya Kachebere inali itakhala kale zaka 19. Nkhani ya ukapolo si ya nthawi ya Farao, ndi ya agogo a agogo athu.

Mishoni ya Mzimu Woyera

Kumpoto kwa mzinda, pamcenga, paima mtanda wokumbutsa kufika kwa ansembe oyamba. Kucokera pamtandapo mseu wa mthunzi wa mitengo ya mango ukufikitsa ku mishoni. Anaiyambitsa mu March 1868 ndi Bambo Antoine Horner wa cipani ca Mzimu Woyera, mbadwa ya ku Alsace, amene poyamba anatumikira akhate pa cisumbu ca Réunion, nabwera ku Zanzibar mu 1863. Pamodzi ndi ansembe ndi abulazala panali asisiteri a cipani ca Ana a Maria, ocokeranso ku Réunion. Iyi ndiyo mishoni imene Akatolika a ku Tanzania amaicha mai wa mishoni zao zonse za kumtunda, ndipo mu 2018 anasonkhana pano kukondwerera zaka 150 za Uthenga Wabwino. Mu 2025 Papa Francis anakhazikitsa Dayosizi ya Bagamoyo.

Malo amene mishoni inamangidwapo anaperekedwa ndi Asilamu, mwa cilolezo ca Sultan Majid wa ku Zanzibar. Mfundo imeneyi tisaiiwale tikamakhala ndi anansi athu acisilamu ku Chipata, ku Petauke kapena ku Lusaka.

Chalichi lalikulu limene lilipo lero linamangidwa kuyambira 1910. Pabwalo pali mlambe waukulu umene amati unabzalidwa m'caka coyamba ca mishoni. Nyumba yakale ya asisiteri anaisandutsa yosungiramo zakale, ndipo m'menemo tinaona maunyolo ndi magoli a m'khosi, zithunzi za ana oomboledwa, ndi makalata a ufulu amene boma la Ajeremani linkapereka kwa kapolo womasulidwa. Kalata ya ufulu ndi kapepala wamba, kokhala ndi dzina ndi cidindo. Tinaima nthawi yaitali patsogolo pake, tikuganiza za munthu amene umunthu wake wonse unkadalira kuti kapepalako kasanyowe kapena kudyedwa ndi ciswe.

Kuseri kuli manda a amishoni. Tinayenda pakati pa mitanda tikuwerengera zaka: caka cobadwa, caka comwalira. Ambiri anali anyamata ndi atsikana a misinkhu ya ana athu, ndipo ena sanathe ngakhale zaka ziwiri m'dziko lino malungo asanawatenge. Nthawi imeneyo kunalibe wodziwa kuti malungo amadza ndi udzudzu. Amene ankabwera kudzalowa m'malo mwao ankadutsa pamanda omwewa, akudziwa cimene cikuwadikira. Tinapemphera kolona pamenepo.

Mudzi wa oomboledwa

Nchito yoyamba ya mishoni inali kuombola akapolo, makamaka ana. Ena ankawagula ndi ndalama zocokera kwa Akristu a ku Ulaya, ena ankaperekedwa ndi sitima za nkhondo za Angerezi zikagwira ngalawa za akapolo panyanja. Anawa ankaphunzira kuwerenga, katekisimu, ulimi, ukalipentala, kusula ndi kusoka. Akakula ankakwatitsidwa m'chalichi napatsidwa nyumba ndi munda m'mudzi wa Akristu pafupi ndi mishoni. Sir Bartle Frere, nthumwi ya Angerezi yolimbana ndi ukapolo, anayendera malowa mu 1873 ndipo anawayamikira kwambiri. Mabanja ocokera m'mudzi umenewu ndiwo anatsagana ndi ansembe kukatsegula mishoni za kumtunda, monga Mhonda mu 1877 ndi Mandera mu 1881.

Kuti anawa anapulumutsidwa ku zoopsa, palibe angakane. Koma mbiri ya Eklezia siopa coonadi, ndipo coonadi cake nchakuti moyo wa m'mudzimo unali wa malamulo okhwima. Belu ndilo linkadzutsa anthu, kuwatumiza kumunda wa mishoni, kuwaitanira ku mapemphero ndi kuwagoneka. Kucoka m'mudzi popanda cilolezo kunali mlandu, ndipo panali zilango. Ena mwa oomboledwa anathawa, ena anadandaula kuti akufuna malipiro ndi ufulu wodzisankhira pokhala. Ansembe ankawaona ngati ana osayamika, pamene iwo ankafunsa funso loyenera munthu wamkulu: ngati tinaomboledwa, nanga ndife a yani? Panalinso vuto lina. Anthu a m'midzi yozungulira ankaona Cikristu ngati cipembedzo ca akapolo a azungu, kotero sanakopeke naco.

Patapita zaka, amishoni anasintha njira. M'malo mosonkhanitsa Akristu mumpanda, anayamba kutsegula timasukulu m'midzi ya anthu ndi kutumako aphunzitsi, ndiwo akatekisiti, okhala pakati pa abale ao, olankhula cinenero cao, olima ndi kulira maliro pamodzi nao. Apo ndipo Eklezia anayamba kumera mizu. Ndi njira yomweyo imene inafalitsa cikhulupiriro kuno kwathu, kumene wansembe ankafika pa njinga kamodzi pa miyezi ingapo, koma mphunzitsi anali pamudzi tsiku ndi tsiku.

Phunziro ili likhudza makomo athu. Tiripo makolo amene timalera ana ndi belu lokhalokha: dzuka, pemphera, khala cete, usafunse. Mwana amamvera ali pakhomo, koma tsiku limene apita ku koleji kapena ku nchito ku Copperbelt, Misa imathera pa siteshoni ya basi. Tiriponso amene tinatenga mwana wamasiye wa m'bale wathu, ndipo tsiku liri lonse timamkumbutsa kuti popanda ife akadafa. Kuombola munthu ndi cinthu cacikulu, koma woomboledwayo sasanduka katundu wa womuombola.

Usiku umodzi pansi pa nsanja

Pambali pa chalichi paima nsanja yoyera, yotsala ya chalichi loyamba la mu 1872. Amaicha Nsanja ya Livingstone, ngakhale iye sanapondepo pa Bagamoyo ali moyo.

Livingstone anamwalira pa 1 May 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo. Anthu ake anali kutali ndi kwao, opanda mzungu wowalamula, ndipo akadatha kumuika pomwepo, kugawana nsalu ndi mfuti, ali yense nkulowera kwake. M'malo mwake anapangana zobweza thupi kwa eni ake. Atsogoleri ao anali Abdullah Susi, wa ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi, ndi James Chuma, Myao amene anamasulidwa m'goli la akapolo ali mwana mu 1861. Jacob Wainwright, amene ankadziwa kulemba, anawerenga mapemphero a maliro nalemba dzina la malemuyo pamtengo. Mfumu Chitambo itamva za imfayo inawalola kucita mwambo wao, ndipo inabwera ndi anthu ake kudzalira. Anacotsa mtima ndi zam'kati nazikwirira, thupi analithira mcere naliyanika padzuwa masabata awiri, nalikulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo, nalimangirira kumtengo wonyamulira.

Tonse tidziwa m'mene makolo athu ankaopera kudutsitsa maliro a mlendo m'mudzi wa eni. Gululi, la anthu oposa 60 pamodzi ndi amai, linakumana ndi matenda, milandu ndi nkhondo, ndipo ena anafera panjira. Atafika ku Tabora anapeza Angerezi amene anatumidwa kukafuna Livingstone, ndipo mtsogoleri wao, Cameron, anawalangiza kuti angomuika pomwepo. Iwo anakana. Patsogolo pake, poona kuti midzi ikuwatsekera njira, ananamizira kuti maliro abwerera, nakonzanso mtolowo kuti uoneke ngati mtolo wa nsalu za malonda. Mu February 1874 anafika pa Bagamoyo natula katundu wao pakhomo pa ansembe. Thupi linagona m'chalichi usiku, ndipo sitima ya Angerezi inalitengera ku Zanzibar. Linaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 April 1874.

Taonani m'mene Mulungu analukira nkhaniyi. Mmishoni wa Ciprotestanti, wosenzedwa ndi Asilamu, Akristu ndi otsata miyambo ya makolo, analandiridwa m'chalichi la Akatolika, pa nthawi imene mipingo ku Ulaya inkayang'anana ndi diso lofiira. Pamaliro ku London panali Wainwright yekha mwa onse aja. Susi ndi Chuma anaitanidwa maliro atapita kale, kuti akathandize kulongosola zolemba za malemuyo. Enawo analipidwa pagombe nabalalika. Mabuku a sukulu anatiphunzitsa dzina la wonyamulidwa, koma nchito ya cifundo ya kuika akufa, imene timaphunzitsa pa katekisimu ndi kuiona mwa Tobiti, anaicita ndi onyamulawo.

Khomo la kumtunda

Patapita zaka zinai, mu June 1878, gulu loyamba la a White Fathers, cipani ca Kardinala Lavigerie, linanyamuka pa Bagamoyo. Anali amishoni khumi ndi amtengatenga mazanamazana, ndipo ansembe a Mzimu Woyera ndiwo anawalandira ndi kuwathandiza kukonza ulendo. Mmodzi wa iwo, Bambo Pascal, anamwalira panjira asanafike ku Tabora. Pa Tabora anagawikana: ena analowera ku Uganda, kumene Bambo Lourdel anafika mu February 1879, ndipo mbeu imene anafesa inabala Amartiri a ku Uganda. Ena analowera ku nyanja ya Tanganyika. Cipani comweci ndico cinatsegula Mambwe Mwela mu 1891, mishoni yoyamba yokhazikika ya Akatolika kumpoto kwa dziko lathu, kenaka Kayambi mu 1895, Chilubula mu 1899 ndi Kachebere mu 1903. Ansembe ambiri amene anafika kuno kum'mawa analowera njira ya Zambezi ndi Shire, komabe phazi loyamba la cipani cao m'dera lino la Afrika linaponda pamcenga wa Bagamoyo. Madzi saiwala khwawa.

Kumidzi yozungulira

Tsiku lina tinalipatula kuti tione dziko lozungulira. Makilomita asanu kum'mwera kuli mabwinja a Kaole, mudzi wakale kwambiri kuposa Bagamoyo. Kuli zipupa za mzikiti wa m'zaka za m'ma 1200 ndi manda okhala ndi zipilala zazitali, amene ena anakongoletsedwa ndi mbale zadothi zocokera ku China. Pamene ife tinkaphunzitsidwa kuti Afrika anatsegulidwa ndi azungu, anthu a pano anali atacita malonda ndi maiko a kutsidya kwa nyanja zaka mazana ambiri Mpwitikizi woyamba asanafike. Doko la Kaole linatsekeka ndi matope ndi mitengo yomera m'madzi a mcere, ndipo malonda anasamukira ku Bagamoyo.

M'mbali mwa gombe muli minda ya mcere. Amakonza mabwalo osalala okhala ndi timizere ta dothi, nalowetsamo madzi a m'nyanja, dzuwa nkumaumitsa mpaka pansi payera mbuu. Anyamata amakokera mcerewo m'milu dzuwa liri paliombo, kunyezimira kwake kukulasa m'maso. Tinakumbuka mcere wa ku Chibwa ku Mpika ndi wa ku Kaputa, umene amai amaucheza ndi kuuphika movutikira. Kanthu kamene timangotsina ndi zala pa ndiwo kali ndi thukuta la munthu kumbuyo kwake.

Kumpoto mtsinje wa Ruvu umathira m'nyanja, ndipo m'cigwa cake amalima mpunga. Kumtunda kuli cinangwa, mitengo ya kashu yonga ya ku Mongu, ndi minda ya zinanazi ya ku Kiwangwa imene ingacititse nsanje alimi a ku Mwinilunga. Kupitirira mtsinje wa Wami kuli nkhalango ya nyama ya Saadani, kumene chire limafika mpaka pamcenga wa nyanja. Eni dziko ndi Azaramo, Akwere ndi Adoe. Nyumba zao za mitengo ndi dothi, zofoleredwa ndi masamba a kokonati, sizisiyana kwenikweni ndi za kwathu. Pamudzi wina mai wacikulire, atamva kuti tacokera ku Zambia, anatuma mdzukulu kukwera mumtengo, natipatsa madzi a kokonati wamuwisi. Ciswahili cathu cinali ca mau asanu, koma nyumba, mvula, nyama, kulima ndi kulipa tinamvana popanda womasulira.

Cifukwa cimene mzinda unagonera

Ajeremani atalanda dzikoli anaika likulu lao pa Bagamoyo. Mu 1888 anthu a kugombe anawaukira motsogozedwa ndi Abushiri, ndipo pa nkhondoyo anthu zikwi, ambiri a iwo Asilamu, anathawira ku mishoni, kumene mbali zonse ziwiri zinalemekeza. Malo amene Ajeremani ankapacikirapo owaukira alipo mpaka lero, pamodzi ndi linga lakale, nyumba ya msonkho ndi boma lalikulu la mu 1897. Iriponso sukulu imene anamanga wamalonda wacimwenye Sewa Haji kuti ana a mitundu yonse aphunziremo.

Koma sitima zazikulu za nthunzi sizikanatha kufika pagombe losaya lija, pamene Dar es Salaam ali ndi doko lakuya ndi lobisika ku mphepo. Mu 1891 likulu linasamukira kumeneko. Mu 1905 anayamba kumanga njanji kucokera ku Dar es Salaam, ndipo inafika ku Kigoma mu 1914. Katundu amene ankafuna amtengatenga mazana ndi miyezi itatu anayamba kuyenda masiku owerengeka. Maulendo a pansi anatha, amalonda anasamuka, Bagamoyo natsala ndi asodzi ake. Ife amene tinaona m'mene Kabwe ndi Luanshya anazizirira migodi itatsekedwa tidziwa kuti mzinda wodalira cinthu cimodzi uli ngati nyumba ya mzati umodzi.

Masiku ano kuli sukulu yochuka ya zaluso, ya magule, ng'oma ndi zosema, ndiponso mahotela a alendo m'mbali mwa nyanja. Mu 2013 kunalengezedwa za doko lalikulu la madola 10 biliyoni lomangidwa ndi thandizo la China, koma mu 2019 Pulezidenti Magufuli anakana mfundo za panganolo. Mbiri ya doko yokhayo inakweza mtengo wa malo, ndipo m'mbali mwa mseu tinaona zikwangwani zambiri za malo ogulitsa. Zimenezi si zacilendo kwa anthu a ku Chongwe ndi ku Chibombo. Ndalama ya munda imatha caka cimodzi, ana natsala opanda polima.

Goli la masiku ano

Maunyolo a m'nyumba ya zakale anacita dzimbiri, koma malonda a anthu sanathe. Mu December 2022 mitembo 27 ya anthu oganiziridwa kuti anali ocokera ku Ethiopia inapezeka itatayidwa ku Ngwerere, pafupi ndi Lusaka. Anali ana a anthu, onyamulidwa ngati katundu kupita kum'mwera. Dziko lathu liri ndi lamulo loletsa malonda a anthu kuyambira 2008, koma lamulo siliona zimene zicitika kuseri kwa mpanda wa nyumba. Amene amaona ndi ife anansi. Tidziwa za atsikana otengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu, amene afika m'tauni nasanduka anchito osalipidwa, oyamba kudzuka ndi otsiriza kugona. Tidziwa za anyamata oweta ng'ombe za eni zaka zingapo osaponda m'kalasi, ndi za acinyamata oitanidwa pa foni ku nchito za kunja zimene palibe anazifufuza. Nthawi zina wocita zimenezi amakhala nafe pa benchi limodzi pa Misa.

Papa Yohane Paulo Waciwiri, amene anatiyendera mu 1989, anaima pa cisumbu ca Gorée ku Senegal mu 1992 napempha cikhululukiro cifukwa ca Akristu amene anatenga mbali m'malonda a akapolo. Caka comweco anachula Josephine Bakhita, kapolo wakale wa ku Sudan, kukhala Wodala, ndipo mu 2000 anamuchula Woyera. Tsiku lake, 8 February, ndilo tsiku limene Eklezia amapempherera onse ogulitsidwa ndi ozembetsedwa.

Tsono tipemphe miphakati yathu zinthu ziwiri. Coyamba, pa msonkhano wa mwezi uno tifunsane mosabisa: kodi m'nyumba za dera lathu muli mwana wa mwini amene sapita ku sukulu? Ngati alimo, akulu a mphakati apite kukaceza ndi banjalo mwaulemu, ndipo zikakanika adziwitse bambo mfumu ndi a boma oona za ana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Caciwiri, tifunse okalamba athu akali moyo maina a akatekisiti oyamba a chalichi lathu, a amai amene ankaphikira ansembe paulendo, ndi a amuna amene anasenza njerwa ndi mitengo ya denga. Tiwalembe m'buku la parishi ndi kuwaperekera Misa m'mwezi wa November. Ku Bagamoyo maina a amtengatenga ambiri anatayika cifukwa panalibe wowalemba, koma ife zolembera tiri nazo.